Mibulu m'Thumba la Nandolo

Mlongo wanga Eneles anali mkazi woti akabereka dengu la tiyi kumsana, akapitawo ankasiya kukalipira anthu n'kumangomuyang'ana. Ndikuti "anali" ngakhale ali moyo, ndipo pano ndikulemba ali pakhonde panga akutsokomola. Mawuwa amandiwawa, koma sindipeza ena oona kuposa amenewa.

Ine ndine Morris, mlongo wake wamkulu, ndipo ndimapalasa kabaza pa Muloza. Tinabadwira m'mbali mwa mtsinje womwewo umene pa mapu amati ndi malire a Malawi ndi Mozambiki. Agogo athu anachokera kutsidya, azakhali athu ali kutsidya, ndipo mayi athu anamwalira atapita kukazonda matenda ku Milange, choncho manda awo ali kutsidyanso. Kwa ife malire ndi madzi ochapira zovala. Nthawi yachilimwe mwana amawoloka osanyowa ndi kabudula yemwe.

Eneles anakula akudziwa malire amenewo basi. Mvula ikagwa ankathyola tiyi ku esiteti. Tiyi akachepa, ntchito n'kuduka, ankayamba geni yake yowoloka. Ankapita ku Milange ndi shuga, n'kubwerako ndi zitenje atazikulunga m'chiuno, pamwamba atamanga nsalu yake yakale. Elson, amene amasintha ndalama pansi pa mtengo pafupi ndi chipata cha malire, sankalephera kumuseka.

"A Eneles, mimba yanuyi imabwera Lachisanu lililonse?"

"Mosheliwa kaye, achimwene," ankayankha iye. "Moni mulibe, koma maso pamimba za eni."

Onse a pamenepo ankamudziwa, a mbali ino ndi a mbali inayo. Kuno ankapereka moni wa Chilomwe, uko "bom dia", n'kufunsa za mwana amene anadwala malungo, za mkazi amene anachira. Ankakonda kundiuza kuti, "Achimwene, malire ndi munthu. Munthu ukamupatsa moni n'kumufunsa za kunyumba, amakutsegulira." Ndipo kunena zoona, pa Muloza mawu amenewo sanamugwetse m'mavuto ngakhale tsiku limodzi.

Kachilombo ka HIV anamupeza nako ali ndi pakati pa mwana wake Thokozani. Mwamuna wake atamva, anati akupita ku Joni kukasaka ganyu, ndipo mpaka lero ganyuyo akumusakabe. Eneles analira sabata imeneyo, kenako anapukuta misozi n'kuyamba mankhwala. Sindinaonepo munthu wosunga lamulo la kuchipatala ngati iye. Maliro, ukwati, mvula, mbulu wake ankamwa ndithu. Thokozani anabadwa wopanda kachilombo, ndipo lero ndi mtsikana wa kusekondale wamwano ngati mayi ake. Ku chipatala anamuuza Eneles kuti kachilomboko kagona tulo m'thupi mwake, moti sangapatsire munthu. Sankabisa. Amayi ena akamaopa kukatenga mankhwala, iye ankawaperekeza masana dzuwa likuswa mtengo, akuyankhula mokweza mumsewu ngati akupita kuchigayo.

Ndiye kunabwera namondwe uja wa Freddy. Napolo anatsika m'phiri ndi miyala ikuluikulu, n'kudutsa pamudzi pathu. Eneles anathawa ndi mwana ndi botolo la mankhwala, basi. Nyumba ya njerwa imene anamanga ndi msana wake inapita, mbuzi zinapita, ndipo pamene panali munda wake panatsala miyala ndi mchenga woti ngakhale chisoso sichimera. Atachoka kumsasa wa kusukulu kumene anthu anathawira, anadzakhala m'khitchini mwanga. Mkazi wanga sanamunenepo kanthu, koma Eneles sanali munthu wogona m'khitchini mwa mlamu wake. Ankadzuka m'mawa maso ali psuu ndi utsi.

Apa m'pamene panatulukira Pilato. Ankaoneka pamsika wa Limbuli tsiku lililonse la msika, nsapato zosongoka, mafoni awiri m'manja, fungo la pefyumu lofika munthu asanafike. Ankalemba amayi okagwira ntchito zam'nyumba ku dziko lina la Aluya. Dzikolo sinditchula, chifukwa ndikalitchula ndimasowa tulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma munthu wogona pa phulusa mkuyu uliwonse amauona wakupsa.

Ndinali pomwepo tsiku limene Eneles anakamba naye. Sanazungulire.

"Bambo, ine ndili pa ma ARV. Ndinamva kuti kumeneko anthu ngati ife safuna."

Pilato anaseka, n'kumugwira paphewa ngati anakulira limodzi. "Mayi, zimenezo ndi za pa pepala. Za magazi ndimakonza ndine konkuno. Inu mungochita chimodzi, botolo lanulo musanyamule. Akaliona pabwalo la ndege, mubwerera ndi ndege yomweyo."

"Nanga akakandiyezanso kumeneko?"

"Amangoyang'ana ngati uli ndi manja ogwira tsache. Ndi thupi limeneli, ndani angakukayikireni?"

Pobwerera ndinamukweza panjinga, ndipo tinakangana njira yonse. Ndinamuuza kuti munthu ameneyu sindikumukhulupirira. Ndinamuuza kuti lamulo la eni dziko silili ngati chingwe cha pachipata cha pa Muloza. Iye anandimenya kachibakera kumsana.

"Achimwene, ndawoloka malire kuyambira ndili ndi mano a mkaka. Inu mukufuna ndifere m'khitchini mwanu? Zaka ziwiri zokha, ndimange nyumba, Thokozani amalize sukulu, ndibwerere ku tiyi wanga."

"Nanga mankhwala?"

"Amene ananena kuti ndiwasiya ndani? Anati ndisanyamule botolo."

Umu ndi mmene mlongo wanga analili. Anakatenga mankhwala a miyezi ingapo monga amapatsira anthu osunga bwino lamulo. Atafika kunyumba anakhuthula mibulu yonse, n'kuimanga m'timapepala ta pulasitiki, timfundotimfundo ngati mchere wa pamsika. Kenako anatenga thumba la nandolo wouma amene azakhali anatumiza kuchokera kutsidya, n'kukwirira timfundo tija pakati. Botolo analiponya m'chimbudzi. Anasoka thumbalo ndi singano yaikulu akuimba nyimbo ya kwaya. Ndani angaletse Mlomwe kunyamula nandolo wake? Thokozani anaseka mpaka misozi, nanenso ndinaseka. Tonse tinaona ngati nzeru.

Ndipo pabwalo la ndege nzeruyo inagwiradi. Atafika anandiimbira pa foni ya mtsikana wina amene anapita naye.

"Achimwene, ndadutsa! Anatsegula chikwama, anafinya thumba, anandifunsa m'chiyankhulo chawo. Ine ndinangowapatsa moni n'kuwasonyeza kukamwa kuti n'zakudya. Mpaka anaseka. Ndinakuuzani, malire ndi munthu."

Aka kanali komaliza kumva mawu ake akuseka chotero.

Zotsatirazi anandifotokozera atabwera, pang'onopang'ono, chifukwa mpweya sumulola kuyankhula nthawi yaitali. Iye ndi amayi anzake anawasunga kaye m'nyumba ya mnzake wa Pilato, amene anawalanda mapasipoti. Patapita masiku ochepa anawatengera onse ku chipatala cha boma la kumeneko, chifukwa munthu sapatsidwa chilolezo cha ntchito asanamuyeze magazi komweko. Pilato ankazidziwa zimenezi. Munthu amene watumiza amayi ambirimbiri angalephere bwanji kudziwa? Eneles anapereka moni kwa namwino, namwino sanayankhe. Anafunsa ndi manja ngati ali ndi ana, namwino anangomanga mkono n'kubaya. Magazi sungawakwirire mu nandolo.

Zotsatira zitatuluka, anabwera anthu ovala magolovesi ndi zophimba kukamwa, ngati akudzanyamula mtembo wa kolera. Sanamulole kubwerera kukatenga chikwama. Anamutengera kumalo kumene amasunga anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo, chipinda chachikulu chodzaza amayi a mayiko osiyanasiyana, mawindo ali m'mwamba, ena akutsokomola usana wonse. Mbale yake ankaiika payokha. Mkazi amene analera mwana ndi bere lake osamupatsira kanthu, amene ankadya nafe m'mbale imodzi zaka zonsezi, ankamukankhira chakudya ndi phazi.

Chikwama chake chinabwera pambuyo pake, n'kuikidwa m'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa khoma limene iye ankagona atatsamira. Tsiku loyamba anagogoda pachitseko, kupempha thumba lake la nandolo. Mayi wina wa ku Uganda, amene anakhalitsa mmenemo ndipo ankamva pang'ono chiyankhulo cha alonda, anamufunsa kuti nandolo wosaphika akufuna atani naye. Eneles anamunong'oneza. Mayiyo anagwira pakamwa.

"Mibulu yopanda botolo, yopanda kalata ya dokotala, yobisa m'chakudya? Mchemwali, usayerekeze. Kuno akaipeza sanena kuti ndi mankhwala a kuchipatala. Anena kuti unalowetsa mankhwala ozunguza bongo, ndipo kumeneko ndi kundende zaka, osati kubwerera kwanu. Tseka pakamwa."

Kaya mayiyo ankanena zoona zokhazokha, kaya mantha anawonjezera, ine sindikudziwa. Koma Eneles anali yekha m'dziko la eni, ndipo anatseka pakamwa. Nzeru ija imene inamudutsitsa pachipata ndi yomwe inamumanga lilime. Anapempha mankhwala ena kwa alonda, akuloza pakhosi ndi pamkono pamene anamubaya. Anamupatsa panado. Kwa nthawi yoyamba chibadwire Thokozani, dzuwa linatuluka n'kulowa Eneles osamwa mbulu wake, mankhwala ali kuseri kwa khoma.

Tsiku limodzi likanakhala kanthu? Koma tikiti yobwerera inasowa woigula. Mnzake wa Pilato anati si udindo wake, abwana amene anayenera kumulemba ntchito anati sanamuonepo nkhope, ndipo Pilato, nditamusaka pa Limbuli, anandiuza kuti nkhaniyo ili m'manja mwa Mulungu. Nditabwereranso msika wotsatira, mafoni onse awiri anali ozima ndipo mwini wake anali atasowa ngati mame. Ndinayenda m'maofesi mpaka matayala a njinga kutha. Kulikonse ankandiuza kuti lamulo la dziko la eni ndi la eni. Mvula inayamba, tiyi anaphuka, anzake anabwerera kuntchito, mlongo wanga ali chigonere pa simenti pakati pa anthu otsokomola, chitetezo cha m'thupi mwake chikutsika tsiku ndi tsiku.

Ndiloleni ndikalipe, chifukwa ndakhala chete nthawi yaitali. Pitani pa Likhubula tsiku lililonse mukaone. Alendo amabwera kuchokera kumayiko onse a pansi pano, a kumayiko a malamulo amenewa ali momwemo, kudzakwera phiri lathu. Ndani anawamangapo mkono n'kuwabaya? Anyamata athu amawanyamulira zikwama mpaka pamwamba, amawaphikira, amawagwira dzanja pamiyala yoterera, ndipo ena mwa anyamata amenewo amamwa mbulu womwewo wa Eneles asananyamule katundu. Ife timati takulandirani. Sindikuti tiyambe kuwabaya, ayi, ndi bwino momwemo. Ndikungofunsa kuti lamulo lotsekera munthu chifukwa cha kachilombo kamene kagona limateteza ndani. Eneles ali pa mankhwala sakanapatsira munthu ngakhale mmodzi m'dziko lawolo. Iwo ndi amene anamulekanitsa ndi mankhwala, n'kukadzutsa kachilomboko ndi manja awo ovala magolovesi. Akanangomuuza pachipata kuti bwerera, ndikanakwiya, koma ndikanamulandira mlongo wanga wathunthu.

Ndipo ndani anatiuzapo ife za malamulo amenewa momveka? Pa wailesi amatiuza za feteleza, za katemera, za chisankho. Koma mayi wa ku Muloza akafuna kudziwa kuti ndi dziko liti limene lingamulandire ndi kachilombo kake, ndi liti limene lingamutsekere, mphunzitsi wake amakhala Pilato wa nsapato zosongoka.

Pomaliza a mpingo wina wa kumeneko anasonkha n'kugula matikiti a amayi angapo. Chikwama ndi pasipoti anamubwezera pakhomo la ndege. Ndinakamuchingamira ku Chileka ndi Thokozani. Anthu anatuluka, anatuluka, ife maso pakhomo, mpaka mayi wina wowonda amene anaima pambali pathu atatsamira khoma anati, "Thoko, sukundipatsa moni?" Mwanayo anakuwa. Ine ndinanyamula chikwama kuti manja anga apeze chochita, ndipo ndinamva kulemera kwa nandolo m'katimo.

Sitinafike kunyumba, tinapita naye kuchipatala. Anamupeza ndi chifuwa chachikulu chimene chinali chitadya kale mapapo. Madokotala athu anayesetsa, Mulungu awadalitse, ndipo palibe amene anavala nkhope yonyansidwa pomugwira. Anamuyambitsanso ma ARV, anamwa mankhwala a chifuwa miyezi yonse imene anamuuza, osaphonya, monga mwa khalidwe lake. Chifuwacho chinapola, kachilombo kanagonanso. Koma dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mbali ina ya mapapo inauma ndipo sidzabwerera. Dengu la tiyi asadzaliyesenso. Ngakhale ndowa ya madzi, akaitenga pa mjigo amapuma kawiri asanafike pakhomo.

Thumba lija anakhala osalikhudza mpaka atatuluka m'chipatala. Tsiku lina masana ndinamupeza pakhonde atalimasula, nandolo ali m'lichero, akutola timfundo tija n'kumatiika pa nsalu. Tinali tambiri. Anangomwapo ta masiku oyamba aja okha.

"Taonani, achimwene," anatero. "Nandolo anapita, anakakhala, anabwerako, palibe anamufunsa kanthu. Sanawonde n'komwe."

Mibuluyo tinakaipereka kuchipatala kuti akaitaye, ndipo nandolo anamupatsa mkazi wanga kuti adzale, chifukwa iye khasu sangathe.

Pamudzi anthu anayankhula, monga anthu. Ena anati anakachita zachiwerewere kumeneko, ena anati walira mvula walira matope. Amayi amene iye ankawaperekeza kuchipatala ndi amene ankabwera ndi nkhuni ndi ufa, n'kukhala naye pakhonde. Eneles wakale akanayankha amiseche aja mmodzimmodzi, mpaka kuwatsata kumjigo. Uyu amangomva n'kuyang'ana kuphiri. Akugonabe m'khitchini mwanga. Pasipoti yake, imene anaidinda chidindo choti asadzapondenso m'dzikolo, amatsekera pampata wa zenera kuti mphepo isalowe.

Mwezi wathawu anandipempha kuti ndimuperekeze ku manda a mayi. Chaka chilichonse ankapita yekha wapansi, khasu paphewa, kukalambula, n'kubwera ndi zitenje m'chiuno. Ulendo uno ndinamukweza pa kabaza, khasu ndinamangirira kuchitsulo. Ndapalasa njinga zaka zambiri, ndipo mwendo wanga umadziwa kulemera kwa munthu. Kale ndikamukweza Eneles ndinkadandaula kuti andithyolera masipoko. Tsiku limeneli ndinatembenuka kangapo kuona ngati akadalipo.

Titafika pachipata, Elson anali pamalo pake pansi pa mtengo. Atandiona anaimirira ndi chimwemwe, n'kugwira handulo ya njinga. Anapereka moni waulemu kwa mayi amene anali kumbuyo kwanga, monga amachitira ndi mlendo aliyense, kenako anatembenukira kwa ine.

"A Morris, mwasowatu. Nanga a Eneles ali bwanji kunja kuja? Timawasowa pano, palibenso wotilalatira. Muwauze kuti akamabwera asaiwale ife amphawi."

Munthu ameneyu anaseka ndi mlongo wanga Lachisanu lililonse kwa zaka zoposa makumi awiri. Ndinamva dzanja la Eneles likundifinya malaya kumsana kuti ndikhale chete. Anadikira kaye kuti mpweya ukwane.

"Anatsala komweko, achimwene," anatero. "Tiyeni, a Morris, dzuwa likukwera."